Amayi Akupitanso Kumapiri ndi Mwana wa Eni Ake

Lachisanu, 9 Meyi

Ndadzuka chifuwa chili chothina komanso ndili ndi nsanje. Chifuwacho sichinandidabwitse. Kuyambira dzulo masana kunja kuli fumbi, ndipo nditasuzumira pazenera nyumba ya tsidya la msewu imaoneka ngati aiviika mu tiyi wamkaka. Ndapopa kapampu kanga ka mphumu n'kukhala pansi kudikira kuti mpweya uyambe kulowa bwino. Patapita kanthawi chifuwa chinamasuka. Nsanje yokha ndiyo sinasunthe.

Ndilembe bwinobwino za munthu amene ndikumuchitira nsanjeyo, mwina ndikaziona papepala ndichita manyazi. Ndi kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, komwe mano akutsogolo anaguluka mwezi wathawu. Ine ndili ku sekondale, ndatsala pang'ono kulemba mayeso akuluakulu. Ndikudziwa kuti n'zosayenera.

Amayi anga amalera mwana ameneyu kunyumba ina ya ku Al Markhiya, muno mumzinda wa Doha, ndipo amagona komweko. Ine ndimakhala ndi bambo m'kafulati kathu. Bambo amagwira ntchito kuhotelo. Amayi timawaona Lachisanu lokha, lomwe kuno ndi tsiku lopuma ndi la tchalitchi. Mwanayo naye ali ndi mphumu ngati ine. Makolo ake kwawo ndi ku Lebanon, m'tauni yaing'ono ya kumapiri yoyang'ana nyanja ya Mediterranean. Sukulu zikangotsekera kumapeto kwa Juni, Doha atayamba kuwotcha, banja lonse limanyamuka kupita kumeneko kuti mwana akapume mpweya wabwino. Amatenganso amayi anga, miyezi iwiri yathunthu.

Mwezi watha ndinalimba mtima ndi kuwapempha amayi kuti akandipemphere kwa madamu, mayi ake a mwanayo, kuti nanenso ndipite nawo chaka chino. Anangoti, “Tiona.” Lachisanu lotsatira anati madamu anali otanganidwa. Tsopano ndamva kuti matikiti agula Lamlungu likudzali. Ndiye lero linali tsiku lomaliza loti ndimve yankho.

Kuno kulibe phiri ngakhale limodzi. Mphepo ikachokera kumpoto palibe choitchinga, imasesa chipululu chonse n'kudzatikhuthulira m'mphuno. Mu Ogasiti fumbi likachepa kumabwera chinyezi chochokera kunyanja. Ukangotuluka pakhomo magalasi a m'maso amachita nthunzi, mpweya umalemera ngati bulangete lonyowa. Tchuthi chonse ndimakhala m'nyumba, eyakoni ikulira, bambo ali kuntchito, ine ndikuwerenga mabuku a chaka chamawa chifukwa palibenso china chochita. Madzulo foni imalira, n'kulowa zithunzi za amayi.

Tauni imeneyo sindinaipondepo, koma ndimaidziwa ngati ndinabadwirako. Amayi sakamba za chakudya chake kapena masitolo ake. Ukawafunsa kuti kuli bwanji, amayamba ndi mpweya. Amati tauniyo inakhala m'chibowo cha phiri ngati nyemba zotsalira pansi pa mbale. Mbali zitatu kuli mapiri, mbali yachinayi ndiyo yotseguka, yoyang'ana kumunsi kunyanja. Nyumba zinasanjikizana m'mbali mwa phirilo, ndipo ya agogo ake a mwanayo ili chakumunsi, pafupi ndi msika.

Nyengo yotentha, m'mawa kumacha koyera moti zombo za panyanja zimaoneka ngati timbewu ta mpunga. Dzuwa likakwera, miyala ya phiri ikatentha, mphepo imayamba kuchokera kunyanja kukwera mtunda, ndipo imanyamula utsi wa magalimoto a mzinda waukulu wa kugombe. Amayi amati umachita kuuona ukubwera, mzere wofiirira ukukwawa m'chigwa. Akauona amalowetsa mwana m'nyumba. Madzulo mphepo imatembenuka, imatsika kuchokera pamwamba ndi fungo la mitengo ya paini. Pamenepo amamutulutsa n'kumukhazika pakhonde kuti apume.

Aphunzitsi athu a jogalafe anatiphunzitsa zomwezi chaka chatha, atajambula mivi iwiri pabolodi, wina wokwera phiri, wina wotsika. Anzanga ankakopera mwaulesi. Ine ndinkayang'ana muvi wotsikawo, n'kumaona khonde.

Pali chithunzi chimodzi chimene ndinachifufuta mufoni, komabe ndimachiona. Amayi akhala pakhondepo, kumbuyo kwawo dzuwa likulowa m'nyanja, mwana ali pamiyendo pawo atamufunditsa chitenje. Chitenjecho ndinachizindikira nthawi yomweyo, cha masamba obiriwira ndi mbalame zachikasu. Tili kwathu ku Dedza, chifuwa chikandigwira, amayi ankawiritsa masamba a bulugamu, n'kundiweramitsa pabeseni, n'kundifunditsa chitenje chomwecho kuti ndipume nthunzi. Ndinkatuluka nkhope ili thukuta lokhalokha, iwo n'kuika khutu pamsana panga kumvetsera ngati mluzu wa m'chifuwa watha. Ankati, “Pumira m'kati. Tulutsa. Bwereza.” Khutu lawo linali lozizira nthawi zonse. Luso limeneli analiphunzirira pamsana panga, koma tsopano akulipidwa kuti azilichita pamsana wina.

Chaka chatha banjalo linapitanso kumapiriko pa Khirisimasi. Kanali koyamba kuti amayi aone tauniyo nyengo yozizira. Amayi anga ali ndi lamulo lomwe sasintha: kukacha, tsegula mazenera onse kuti mpweya wa usiku utuluke, kenako sesa. Ku Dedza ankatero ngakhale mu Juni, ife mano akuguguda m'mabulangete. Ankati nyumba yosatsegula m'mawa ndi ya munthu waulesi kapena ya maliro.

M'mawa woyamba anadzuka anthu onse ali mtulo, natsegula mazenera a chipinda cha mwana. Anaona kuti kunja kuli nkhungu, koma munthu wa ku Dedza saopa nkhungu. Vuto n'lakuti sinali nkhungu yokha. Usiku wonse anthu a m'nyumba iliyonse anali atayatsa mbaula zawo zachitsulo zotenthetsera m'nyumba, ena za nkhuni, ena za dizilo, uku majenereta akulira chifukwa magetsi kumeneko amazimazima. Nyengo imeneyo mpweya wozizira umatsetsereka m'mapiri usiku n'kudzaza chibowo chija, wofunda n'kukhala pamwamba ngati chivundikiro. Utsi umasowa potulukira. Umangokhala pomwepo m'misewu mpaka dzuwa litakwera kapena mvula itagwa. Amayi anaulowetsa okha m'chipinda, ndi manja awo, akuganiza kuti akuchita ukhondo.

Mwana anabanika, anathamangira naye kuchipatala. Madamu anakalipa. Agogo ake a mwanayo sanakalipe, anangowagwira amayi pamkono n'kuwalozera kunja, kuwauza ndi manja kuti nyengo ino mazenera amatsegula masana, dzuwa litathyola utsi. Madzulo ake amayi anaimba foni akulira. Ndinali ndisanawamvepo akulira chotero, ngakhale tsiku lomwe tinatsanzikana ndi abale pabwalo la ndege. Anafotokoza zonse, mmene milomo ya mwana inasinthira mtundu, mmene anamunyamulira osavala n'komwe nsapato. Ndinawapepesa. Tsiku lomwelo nanenso chifuwa chinali chitandigwira, ndinakapopa pampu ndekha kuchimbudzi, koma sanafunse ndipo sindinanene.

Kuchokera nthawi imeneyo amayi anasanduka mlonda wa mphepo. Akudziwa kuti mu Epulo kumabwera mphepo yotentha ya kuchipululu yomwe imadetsa zovala pachingwe. Akudziwa nthawi yomwe mitengo ya azitona imachita maluwa mwana n'kuyamba kuyetsemula. Akudziwa zenera loyang'ana kumtunda ndi loyang'ana kumsika, ndi loyenera kutsegula nthawi iti. Kuno kwathu sadziwa kuti eyakoni ya kuchipinda changa inayamba kudontha madzi.

Lero tinakwera basi ya ku Abu Hamour, komwe kuli tchalitchi, ine ndi bambo, tonse titavala zotseka pakamwa chifukwa cha fumbi. Amayi anafika pa takisi pamodzi ndi anti a ku Chipata, omwe amaphika kunyumba yomweyo. M'tchalitchi ndinakhala pafupi ndi amayi. Ankanunkhira sopo wa ana. Ulaliki sindinaumve, ndinkangokonza mmene ndifunsire.

Titatuluka tinaima pamthunzi, pomwe amayi a ku Malawi ndi a ku Zambia amasonkhana kufunsana za ntchito ndi za kumudzi. Anti anandikoka n'kunditembenuza ngati akugula diresi.

“Iwe mtsikana, ukula tsiku lililonse! Manje wapakila kale? Uko madzulo kumazizila, osaiwala juzi.”

“Kupakira kupita kuti, anti?”

“Aa! Kumapili. Si madamu anakamba okha pa Mande, ati bweletsa mwana wako, malo alipo, tikiti nizagula?” Anatembenukira kwa amayi. “Asisi, simunamuuze?”

Amayi anawayang'ana. “Asisi, pakamwa panu pakufunika zipi.”

“Ine nimaona monga ni nkhani yabwino! Khalasi, basi, sinikambanso.” Anadzimenya pakamwa n'kupita kukapereka moni kwa ena.

Bambo anayang'ana wotchi n'kunena kuti achedwa shifiti yamasana. Bambo anga akaona kuti nkhani ikutentha, shifiti yawo imayamba msanga.

Ndiye madamu anavomera kale, osapemphedwa n'komwe. Anali amayi anga omwe anakhalira yankho sabata yonse. Ine ndi amayi tinakwera basi yobwerera kufulati. Kumaso kunkandiwotcha, ndipo ndinkaganiza chinthu chimodzi chokha: safuna ndikawasokoneze ndi mwana wawo.

Chakumadzulo fumbi linachepa, amayi anati tipite ku Corniche, m'mphepete mwa nyanja. Nyumba zitalizitali za tsidya la madzi zinkaoneka theka, mitu yake itabisika. Anagula tiyi wa m'makapu a pepala, tinakhala pabenchi. Wanga sindinamwe.

“Munakana,” ndinatero.

“Sindinakane. Ndinati ndiganize kaye.”

“Kuganiza chiyani, amayi? Mwana wa eni ake mumamutengera ku mpweya wabwino chaka ndi chaka. Ine ndizingodya fumbi?”

“Tsitsa mawu, anthu akutiyang'ana.”

“Sakumva Chichewa.”

“Mulungu akumva.”

Anamwa tiyi wawo pang'ono. “Ukudziwa komwe timagona kumeneko? Pansi, kuseri kwa galaja. Jenereta ya nyumba zonse za mumsewu umenewo ili kuseri kwa khoma lathu. Zithunzi zomwe ndimakutumizirazo ndi za pakhonde lapamwamba, mwanawe. Palibe amajambula kuseri kwa galaja.”

“Ndizitseka zenera.”

“Komanso usaganize kuti madamu akukuitanira holide. Uzikanyamula chikwama cha mwana, uzikamuwerengera mabuku a Chingerezi, alendo akabwera uzikatsuka makapu.”

“Kuno makapu amadzitsuka okha?”

Anaseka mosafuna, tiyi n'kuwatayikira pachala. Ine sindinaseke. Ndinawauza kuti zonsezi ndi zifukwa zongopeka, anene zoona. Sindinayambe ndalankhulapo nawo chotero. Ndinkadikira kuti andikumbutsa kuti iwo ndi ndani.

Sanandikumbutse. Anaika kapu pansi n'kupukuta chala pachitenje.

“Chabwino, tamvera. Kumeneko mpweya umasintha osakuuza. Chaka china nkhalango inapsa kuseri kwa phiri, utsi unatsikira m'tauni, unakhala masiku osachoka. Tinene kuti zachitikanso. Iye wayamba kubanika pamwamba, iwe wayamba kubanika pansi. Ine miyendo ndili nayo iwiri yokha. Ndithamangira kuti?”

 Ndinkayembekezera kuti anena kuti kwa ine, ngakhale monama.

“Ndithamangira pamwamba,” anatero. “Ndi ntchito yomwe inandipititsa kumeneko, ndiponso iye ndi wamng'ono, sadziwa kudzipopera yekha. Iwe ndikusiya pamasitepe ndi pampu yako. Ukakhala kuno zimenezi suziona. Ukapita udzaziona ndi maso ako, ndipo sindikudziwa ngati udzandiyang'ananso chimodzimodzi.”

Panadutsa bambo wina akuthamanga atavala kabudula, akupuma mwamphamvu ngati fumbi silimukhudza. Ndinamuyang'ana mpaka anazimiririka.

“Mumamukonda?” ndinafunsa.

“Ndi mwana. Ndinamulandira asanamere mano. Ukufuna ndinene kuti ayi?”

“Eya.”

“Sindinena.”

Ndinalira pang'ono, osati kwambiri, chifukwa kulira kumandithinitsa chifuwa. Amayi sanandiletse. Anangondigwira kumbuyo kwa khosi monga amachitira akamandiluka tsitsi. Kenako foni yawo inalira. Anayang'ana, anazengereza, n'kuyankha. Ndinamva kamawu ka mwana uja kakufunsa kuti abwera nthawi yanji. Mawu a amayi anasintha, anakhala opyapyala, osakaniza Chingerezi ndi Chiarabu. Anamufunsa ngati wamwa mankhwala, ngati zenera n'lotseka. Ndinayang'ana kumadzi. Nsanje inabwereranso yonse, ndipo sindikunama kuti zomwe anandiuzazo zinaichepetsa.

Atadula anati, “Yala, tiye, ndikakusiye kaye.” M'takisi anandiuza kuti nkhaniyi aisiya m'manja mwanga. “Ndiwe wamkulu tsopano. Ukati eya ndikauza madamu mawa, Lamlungu agula. Ukati ayi palibe akunene. Bambo ako anati zili kwa ife.”

Ndakhala pano kuyambira pomwe ndinafika, ndikutembenuza nkhaniyi. Poyamba ndinati ayi, apite okha ndi mwana wawoyo, ine ndili ndi mayeso. Ndinakonza ngakhale mmene ndinenere, mwaulemu kwambiri, kuti ziwapweteke. Koma ndinadzifunsa kuti Julayi ndi Ogasiti ndidzakhala ndikuchita chiyani. Ndikudziwa. Ndidzakhala pampando uno, kuyang'ana zithunzi, n'kumawonjezera ndekha zomwe palibe. Zaka zonsezi ndakhala ndikuona amayi akundidutsa pamasitepe m'mutu mwangamu, tsiku lililonse, popanda nkhalango kupsa. Ngati n'kundidutsa, bola andidutse kamodzi ndili pomwepo, akabwerera pansi andipeze.

Ndiponso ndikufuna ndikaone ndekha ngati mphepo imatembenukadi madzulo. Ndikufuna ndikaime pomwe ikutsikira, ngakhale nditanyamula chikwama cha munthu wina. Mwina kamwanako ndikakaona pafupi, kakutsokomola ngati ine, ndidzalephera kukada. Mwina ndidzakada kwambiri. Sindikudziwa, ndipo sindilonjeza.

Mawa m'mawa ndiwapempha bambo tipite kukliniki tikatenge pampu yachiwiri, kuti imodzi izikhala m'thumba mwanga nthawi zonse. Masana, nthawi yomwe mwanayo amagona, ndiwaimbira amayi. Ndiwauza kuti auze madamu kuti eya.